Malungo amene sadali malungo

Mng'ono wanga adamwalira mu Julaye 1997 ali ndi zaka 22. Pamaliro pake anthu adanong'onezana kuseri kwa siwa monga timachitira, ndipo ngakhale padalibe amene adatchula dzina la nthendayo mokweza, aliyense adabwerera kwawo atatsimikiza mumtima kuti ndi matenda a boma aja, Edzi. Nanga si mnyamatayo adaonda, ankatuluka thukuta usiku, thupi losazizira miyezi iwiri yathunthu? Ngakhale ine mkulu wake, ndiulule pano, ndinkaganiza chimodzimodzi mpaka tsiku lomwe dokotala wina adaika chopimira chake pachifuwa cha mnyamatayo, nakhala chete nthawi yaitali, kenaka n'kundifunsa funso lomwe sindidaliyembekezere: "Kodi achimwene anuwa ali mwana adadwalapo nyamakazi?"

Adandilembera mawu awiri pakapepala, infective endocarditis, ndipo kapepalako ndidakasunga m'Baibulo la malemu amayi mpaka lero. Pachichewa tingoti ndi kuola kwa zitseko za mtima chifukwa cha tizilombo. Ine sindine dokotala, moyo wanga wonse ndakhala kalaliki wowerengera katundu, komatu maliro amamuphunzitsa munthu kuwerenga zomwe sukulu idalephera. Zaka zonsezi ndakhala ndikutola mbiri ya nthendayi pang'onopang'ono, ndipo ndapeza kuti ndi mbiri ziwiri zoyenda limodzi. Yoyamba ndi ya momwe madokotala adaidziwira ndi kuipezera mankhwala. Yachiwiri, yomwe siikambidwa kawirikawiri, ndi ya pamsewu, ya zomwe zimamuchitikira wodwala pakati pa khomo la nyumba yake ndi khomo la chipatala. Ife kwathu tidagonja konsekonse.

Tiyambe ndi mtimawo. Uli ndi zipinda zinayi, ndipo potulukira chipinda chilichonse pali chitseko chopyapyala, chomwe amakaniko angachitche vavu, cholola magazi kupita kutsogolo kokha osabwerera m'mbuyo. Zitsekozi zimatseguka ndi kutseka pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, osapuma ngakhale pa Sabata. Chitseko chabwino n'chosalala moti palibe chomwe chimakanirirapo. Koma chikakhala ndi chipsera, magazi amadutsa mokhulana nacho, ndipo pamalo pokhulikapo pamamatirira timagazi toundana. Tsono tizilombo tikalowa m'magazi, kaya kuchokera m'nkhama zotupa, pa dzino lozulidwa, pa chithupsa kapena pa singano yakuda, timapeza pokhala pokonzakonza. Amene adaonapo chiswe chikudya chitseko cha nyumba amvetsa msanga. Chiswe chimayamba chadzimata dothi pamwamba, kenaka n'kumadya thabwa chili mkati, nkhuku osachiona. Tizilomboti natonso timadzikuta ndi magazi oundanawo, asilikali a m'thupi osatha kutifikira.

Nthendayi imapha m'njira zitatu, ndipo ndikupempha owerenga kuti muzisunge chifukwa tikumana nazo kutsogoloku. Chitseko chimatha kubooka kapena kung'ambika, magazi n'kumabwerera m'mapapo, munthu n'kumira m'madzi a m'thupi mwake momwe. Kachidutswa ka chotupacho kamatha kunyotsoka n'kuyenda ndi magazi mpaka kukatseka mtsempha wa mu ubongo, mu impso, m'kapamba kapena m'mwendo. Apo ayi, tizilombo timangosefukira m'magazi monse, ziwalo zonse n'kufooka nthawi imodzi.

Kwa zaka mazanamazana nthendayi inkadziwika ndi ong'amba mitembo okha. Mu 1646 Lazare Rivière, dokotala wa ku Montpellier m'dziko la France, adalemba za munthu amene adamwalira atavutika ndi phuma ndi kuthamanga kwa mtima, ndipo atamutsegula adapeza tizotupa tomera pachitseko, kakakulu kake ngati mtedza. Mu 1806 Jean-Nicolas Corvisart, dokotala wa Napoleon, adatiyang'anitsitsa tizotupati naona kuti tikufanana ndi njerewere zomwe zimamera kumalo obisika kwa odwala matenda opatsirana pogonana, choncho adaganiza kuti gwero lake n'lomwelo. Adalakwitsa. Nditawerenga zimenezi ndidaseka kuseka kowawa, poona kuti anthu a pamaliro a mng'ono wanga sadali oyamba kuinamizira nthendayi chiwerewere. Dokotala wa mfumu ya ku France adawatsogolera ndi zaka pafupifupi 200.

Wophunzira wa Corvisart yemweyo, René Laennec, ndiye adatsegula makutu a madokotala. Mu 1816 ku Paris, pochita manyazi kugunditsa khutu lake pachifuwa cha mtsikana wodwala, adapinda pepala ngati chitoliro namvetsera nalo, ndipo adadabwa kumva mtima bwino kuposa kale lonse. Ndiko kudachokera chopimira chija madokotala amakoleka m'khosi. Phokoso la magazi odutsa pachitseko choonongeka iye adalifanizira ndi mvukuto wa osula zitsulo. Mu 1835 Jean-Baptiste Bouillaud adapereka dzina loti endocarditis, nasonyezanso kuti nyamakazi yotupitsa mfundo za ana ndi achinyamata imakhudza ndi mtima womwe. Mu 1852 William Senhouse Kirkes wa ku London adalongosola momwe tizidutswa timanyotsokera pachitseko n'kukatseka mitsempha kutali. Ndipo mu 1869 ndi 1872 madokotala awiri a ku Norway, Emanuel Winge ndi Hjalmar Heiberg, adaona tizilombo teniteni mkati mwa zotupazo.

Amene adasonkhanitsa zonsezi pamodzi ndi William Osler wa ku Canada, m'maphunziro atatu omwe adakamba kwa madokotala anzake ku London mu 1885. Iye adavomereza poyera kuti nthendayi njovuta kuizindikira munthu ali moyo, ndi kuti ambiri ankadziwika chomwe chawapha atagona kale patebulo la mitembo. Madokotala a nthawi yake ankaisokoneza ndi taifodi komanso malungo, inde, malungo omwewa. Pang'onopang'ono adaphunzira kuwerenga tizizindikiro tating'ono: timadontho ta magazi mkati mwa diso, timabanga tosawawa m'zikhatho ndi kumapazi tomwe Edward Janeway wa ku New York adatilongosola mu 1899, titotupa towawa kunsonga za zala tomwe mpaka lero timatchedwa ndi dzina la Osler, ndi timizere tofiira pansi pa zikhadabo ngati munthu walasidwa ndi kamtengo. Mng'ono wanga adadandaulapo za chala chowawa, ine n'kumuuza kuti mwina wadzipweteka kuntchito.

Chida chachikulu chidabwera ndi kubzala magazi, ndiko kuti kutenga magazi a wodwala n'kuwaika m'botolo momwe muli chakudya cha tizilombo, pamalo ofunda, kuti ngati muli kanthu kamere kaonekere. Mu 1909 Thomas Horder wa ku London adalemba za odwala 150, naloza chala m'kamwa kuti ndimo muli khomo lalikulu lolowera tizilomboti. Dzina la mdani lidadziwika, koma chomumenyera padalibe. Taonani za Gustav Mahler, katswiri wopeka nyimbo wa ku Austria amene ankatsogolera oimba a New York Philharmonic. Ankavutika ndi zilonda zapakhosi kawirikawiri, ndipo mu 1907 adamupeza ndi chitseko choonongeka. Pa 21 Febuluwale 1911 adatsogolera oimba ku Carnegie Hall thupi likutentha, ndipo kudali komaliza. Dokotala Emanuel Libman adabzalitsa magazi ake, patangopita masiku ochepa tizilombo tidamera. Munthu wotchuka ndi wandalama chotero adawoloka nyanja kukafuna mankhwala ku Paris osawapeza, kenaka adamunyamula pa sitima ya pamtunda kupita ku Vienna, atolankhani akudikirira m'masiteshoni kufunsa za moyo wake. Adamwalira pa 18 Meyi 1911 ali ndi zaka 50.

Nkhani yomwe imandigwira kwambiri ine ndi ya Alfred Reinhart, wophunzira udokotala ku Harvard, amene nyamakazi idamuonongera chitseko ali mwana. Mu 1931 adaona timadontho tofiira padzanja pake, ndipo popeza adali ataphunzira kale tanthauzo lake, adauza mlamu wake yemwe adali pafupi kuti satha miyezi 6. Adayamba kulemba zonse zomwe thupi lake linkamva, mpaka adamwalira chaka chomwecho, ndipo zolembazo adadzazisindikiza aphunzitsi ake kuti ena aphunzirepo. Masiku amenewo pafupifupi aliyense wogwidwa ndi nthendayi ankafa.

Alexander Fleming adali ataona kale mphamvu ya penisilini mu 1928, koma kuti apangidwe wambiri padapita zaka zoposa 10. Mu Okutobala 1940 Martin Henry Dawson wa ku New York adabaya odwala nthendayi penisilini wochepa yemwe adapanga ndi anzake, koma adachepa, odwalawo osachira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mankhwalawa ankagawidwa mopimira, ndipo ogawa a ku America adaona kuti kuwapereka kwa odwala zitseko za mtima n'kuthira madzi pamchenga. Koma mu 1944 Leo Loewe ndi anzake ku Brooklyn adalengeza za odwala 7 otsatizana amene adachira atapatsidwa penisilini wambiri kwa nthawi yaitali. Chinsinsi chidali pomwepo, pakuti chiswe chobisala m'dothi sichifa ndi mankhwala owaza kamodzi. Mpake mpaka lero mankhwala ake kawirikawiri amakhala a m'mitsempha, masabata 4 mpaka 6. Mu 1965 madokotala a ku Duke University adalengeza kuti achotsa chitseko chomwe chinkaola n'kuikapo chopanga, wodwala nachira. Makina oonera mtima ukugunda, omwe Inge Edler ndi Hellmuth Hertz adawayamba ku Sweden mu 1953, adadzathandiza kuona chotupa munthu ali moyo. Mu 1994 madokotala a ku Duke komweko adalemba mndandanda wa zizindikiro womwe madokotala a m'maiko ambiri amatsatira, ndipo udakonzedwanso mu 2000 ndi 2023.

Imeneyo ndi mbiri ya m'chipatala. Nanga ya pamsewu? Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a France m'zaka za m'ma 1790, adatopa kuona ovulala akufera pabwalo la nkhondo podikira kuti mfuti zileke, ndipo adakonza ngolo zopepuka zokokedwa ndi akavalo zoti zizikawatenga nkhondo ili mkati. Chipatala cha Bellevue ku New York chidayamba ngolo zotere za anthu wamba mu 1869. Koma kwa zaka pafupifupi 100 ambulansi m'malo ambiri idangokhala machira a matayala, ntchito yake kuthamanga basi. Lipoti lina la ku America la mu 1966 lidaulula kuti pafupifupi theka la ntchito yonyamula odwala m'dzikomo inkagwiridwa ndi eni nyumba zokonza maliro, poti galimoto zawo ndizo zidali zazitali zokwana munthu wogona. Tangoganizani, eti, munthu kukwera galimoto ya maliro akadapuma.

Chaka chomwecho cha 1966, ku Belfast, Frank Pantridge adatembenuza ganizo lonse. Poona kuti ambiri ogwidwa ndi mtima mwadzidzidzi ankafa asadafike kuchipatala, adati chipatala ndicho chipite kwa wodwala, ndipo adakweza m'ambulansi dokotala, namwino ndi makina odzidzimutsira mtima olemera makilogalamu 70, oyendera mabatire a galimoto. Mu 1967 ku Pittsburgh kudabadwa Freedom House, gulu la amuna achikuda a m'dera losauka la Hill District, ambiri mwa iwo malova, amene Peter Safar adawaphunzitsa kutsegula njira ya mpweya, kukanikiza chifuwa cha munthu amene mtima wake waima, ndi kuika diripi pamsewu pomwepo. Gululi lidatsekedwa mu 1975, koma maphunziro ake adasanduka maziko a ntchito ya m'maambulansi ku America ndi kwina. Anthu amenewa adasonyeza kuti chithandizo chimayambira pomwe wodwala wagwera, ndipo manja oyamba kumugwira kawirikawiri sakhala a dokotala.

Manja oyamba kugwira mng'ono wanga adali anga. Mu Epulo 1997 adakazulitsa dzino lomwe linkamusowetsa tulo. Patatha masabata awiri kapena atatu thupi lidayamba kutentha madzulo. Masiku amenewo kutentha thupi kulikonse kudali malungo, ndipo mankhwala ake adali Fansidar, yemwe dziko lino lidamusankha mu 1993 m'malo mwa kolorokwini. Adamwa katatu konse. Pakatipa ndinkamugulira makapisozi pa okala, awiri lero, anayi mawa, malinga ndi m'thumba. Thupi linkazizira masiku awiri n'kuyambiranso. Makhololo adawayeza, TB sadaipeze. Apa m'pomwe ndidayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Tsiku lina ndidamufunsa, "Iwe, undiuze zoona, unkayenda ndi ndani?" Adangoti, "Achimwene, inunso?" natembenukira kukhoma. Kuyambira pamenepo ndidaleka kupita naye kuchipatala, kuopa kuti aneba angatione pamzere. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera ku una, koma apa manyazi adali anga, wofera ku una n'kukhala mwana wa amayi.

Usiku wina kumapeto kwa Juni, kukuzizira zedi, mayi a kunyumba adandigwedeza. "Tadzukani, alamu sakupuma bwino." Ndidamupeza atakhala m'mphepete mwa bedi, miyendo pansi, manja pamaondo, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu, kukamwa kukutuluka thovu. Ndidati, "Gona iwe, upumule," n'kumukankhira pa pilo. Adalimbana nane kuti adzuke, ine n'kumaona ngati malungo alowa kumutu. Posakhalitsa dzanja lamanja lidagwa lokha, kamwa n'kupotokera mbali imodzi, mawu osatulukanso. Ndidaphwanyira asipirini m'kapu ya madzi n'kumuthira m'kamwa, iye n'kutsamwa. Foni tidalibe. Ndidataya ola lathunthu ndikudzifunsa ngati n'koyenera kudzutsa anthu usiku wotero, ndipo pomwe ndidakagogoda kwa bambo wina wa pikapu yonyamula mchenga, sadafunse n'komwe za ndalama ya mafuta, adangoti, "Bwanji osabwera kale, achimwene?" Tidamugoneka chagada pa matiresi kumbuyo, galimoto ikudumpha m'maenje. Kope lodula pakati momwe mudalembedwa mankhwala ake onse lidatsala patebulo. Anamwino atandifunsa kuti dzanjalo lidafa nthawi yanji, ndidasowa choyankha. Atandifunsa chomwe akudwala, ndidati malungo.

Lero ndikudziwa kuti pafupifupi chilichonse chomwe ndidachita usiku umenewo, ophunzira ntchito ya m'ambulansi amauzidwa kuti asachite. Munthu amene mapapo ake adzaza madzi, thupi lake limadziwa lokha chofunika. Akhale tsonga, miyendo ikulendewera, zovala zitamasulidwa, ndipo ngati mpweya wa okosijeni ulipo apatsidwe. Kumugoneka chagada n'kumumiza. Amene wafa ziwalo mbali imodzi sapatsidwa kanthu pakamwa, ngakhale madzi, chifukwa kumeza kumakhala kutasokonezeka ndipo zomwe mwamupatsazo zimalowera m'mapapo. Asipirini ndiye ayi ndithu, pakuti popanda makina oonera m'mutu palibe angadziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, ndipo m'nthenda imeneyi mitsempha ya mu ubongo siichedwa kuphulika. Akakomoka koma akupuma, agonekedwe cham'mbali kuti malovu ndi masanzi zizituluka. Wina ayang'ane wotchi n'kusunga nthawi yomwe zayambira. Akasiya kuyankha ndi kupuma komwe, ndiye kukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka thandizo lipezeke.

Komabe katundu wofunika koposa amene wonyamula wodwala amafika naye kuchipatala ndi mawu. Palibe wa m'ambulansi, ngakhale ku London, amene angatsimikize nthendayi pamsewu. Ntchito yake ndi kuikayikira n'kukanena. Akafotokoza kuti munthuyu wakhala akutentha thupi masabata angapo, ali ndi vuto la chitseko cha mtima kapena adaikidwa chopanga, adazulitsa dzino posachedwa, amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, madokotala amasintha njira yonse. Mwachitsanzo, mankhwala amphamvu osungunula magazi oundana, omwe amapulumutsa odwala sitiroko wamba, kwa wodwala nthenda iyi angathe kuyambitsa kukha magazi mu ubongo. Chinanso, madokotala amafuna kutenga magazi obzala katatu asadayambe mankhwala, kuti adziwe kachilombo kenikeni ndi chokagonjetsera. Makapisozi a pa okala sapha chiswe cha pachitseko, amangochititsa kuti m'botolo musamere kanthu. Ndizo zidatichitikira ife. Mabotolo a mng'ono wanga adakhala mbee, adokotala n'kumalasa mumdima.

Funso la nyamakazi lija adadzaliyankha ndi amayi atafika kuchokera kumudzi. "Eee, adadwala ali sitandade 4. Bondo ili likaphwa, latupa ilo, kenaka chigongono. Tidamutemera mphini, n'kuchira." Adakumbukanso kuti izi zisadachitike mwanayo ankadandaula pakhosi. Adokotala adatilongosolera kuti pali kachilombo ka zilonda zapakhosi komwe, kakapanda kuphedwa ndi penisilini, asilikali a m'thupi pokamenya amasokonezeka n'kuyamba kumenya mfundo ndi zitseko za mtima. Mfundo zimachira, chitseko chimatsala ndi chipsera. Pamenepo ndidakumbukira kuti mnyamatayu adasiya mpira ali fomu 1, ati amatopa msanga, ife n'kumamunena ulesi. Magazi ake adawayeza, kachilombo ka Edzi sadakapeze. Adandibwereka chopimira kuti ndimve ndekha, ndipo ndidaumva mvukuto wa Laennec uja, fuu, fuu, pa kugunda kulikonse. Chitseko chidali chitang'ambika, chofunika opaleshoni yomwe nthawi imeneyo sinkachitika m'dziko muno. Adakhala masiku 16 pa diripi ya penisilini. Mawu ake sadabwerere, choncho sindidamve ngati adandikhululukira funso langa lija.

Titatenga mtembo ndidawafunsa adokotala ngati ndidamupha ndine usiku uja. Adati, "Ayi bambo, usiku uja munangomuvutitsa. Chomwe chatipweteka ndi miyezi iwiri ija, ndi zaka 11 zija." Sindidadziwe ngati akunditonthoza kapena akundiweruza, ndipo ndikuona kuti adachita zonse ziwiri.

Kumaiko olemera nthendayi idasintha nkhope. Masiku ano imagwira kwambiri okalamba, oikidwa zitseko zopanga ndi timakina toyendetsa mtima, otsukidwa magazi chifukwa cha impso, ndi odzibaya mankhwala ozunguza bongo, ndipo ngakhale zida zonse zilipo, pafupifupi wodwala mmodzi mwa 5 amamwalira m'chipatala. Kuno kwathu ikadali nthenda ya achinyamata, chifukwa nyamakazi yoononga mtima, yomwe Ulaya adaichepetsa ndi nyumba zosathithikana ndi penisilini, ikadali pakati pathu. Mu 2007 ofufuza adalengeza kuti atayeza ana asukulu ku Maputo, chopimira cha m'makutu chidapeza ana 2 okha pa 1,000 aliwonse oonongeka zitseko, pomwe makina oonera mtima adapeza 30. Kafukufuku wa ana 1,450 ku Lilongwe, wofalitsidwa mu 2016, adapeza zizindikiro zoyamba mwa ana oposa 3 pa 100 aliwonse. Kafukufuku wina wotchedwa REMEDY, wa odwala 3,343 a m'maiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, komanso a ku India ndi Yemen, adapeza kuti theka la odwalawo lidali losapitirira zaka 28. Mu 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO udagwirizana kuti maiko alimbane nayo nyamakazi imeneyi. Zida zake si zachilendo ayi: penisilini pa zilonda zapakhosi, jakisoni wa penisilini masabata 3 kapena 4 aliwonse kwa zaka zambiri kwa mwana amene wadwalapo kale, ndi kusamala mano.

Zina zasinthadi chichokereni 1997. Kuyambira mu 2011 zipatala zathu zimayeza malungo ndi kadontho ka magazi a pachala, yankho n'kutuluka munthu ali pabenchi pomwepo. Tsono akatiuza kuti malungo mulibe, thupi n'kumatenthabe sabata ndi sabata, tisamabwerere kunyumba titakwiya n'kukhotera pa okala. Tizifunsa kuti nanga ndi chiyani, ndipo tiziwauza za maondo aja adatupa kalekale. Foni tsopano zili m'thumba mwa anthu ambiri. Koma kwa ambiri a ife ambulansi ikadali pikapu ya aneba, kabaza, ngolo kapena msana wa m'bale, ndipo pamenepo wa m'ambulansi ndiwe wemwe. Chakudza sichiimba ng'oma, ndiye kuli bwino zinthu zochepa zija tizidziwe kudakali masana.

Chaka chatha mdzukulu wanga wa zaka 9 adakana nsima, ati pakhosi pakuwawa. Amayi ake adati, "Bambo, ndi chimfine chabe, chitha." Ndidavala jekete, kabuku kake ka kuchipatala m'thumba, n'kumugwira padzanja. Atatha kumuunika pakhosi ndi kumulembera mankhwala, ndidawapempha adokotala kuti amumvetsere mtima. Adandiyang'ana modabwa, mwana wamng'ono poyerekeza ndi ine, koma adamvera. Adakhala chete nthawi yomwe kwa ine idatalika ngati ya tsiku lija, kenaka adachotsa chopimira m'makutu nati, "Uli bwinobwino, agogo. Mwaganiza chiyani?" Pamzere padali anthu ambiri, choncho ndidangowathokoza n'kutuluka. Yankho lake ndi ili ndalembali.